Mtengo wa Benz yakale sulembedwa pagalasi

Pali funso limene silisowa pakati pa ife a m'chaka chomaliza ndi anzathu amene angolandira kumene digiri: ukadzayamba kulandira malipiro, galimoto yako yoyamba idzakhala iti? Ambiri amatchula Mira, Passo kapena Vitz, poti ndi zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Koma pagulu lililonse sipalephera kukhala mmodzi amene amaseka n'kunena kuti iye sangakwere kabokosi ka machesi. Iye adzagula Benz yakale, yachitsulo chenicheni, ya nyenyezi paboneti. Umboni amakhala nawo m'foni: chithunzi cha Benz ya m'ma 1980 imene ikugulitsidwa motsika mtengo kuposa kagalimoto kongofika kumene kuchokera ku Japan.

Ine magalimoto amenewa ndimawakonda, ndipo chikondi chimenechi n'chimene chikundichititsa kulankhula mosapsatira. Ndalama imene wogulitsa walemba pagalasi ili ngati ya pageti pabwalo la mpira: imangokulowetsa. Wogula Benz yakale amakhala walembedwa ntchito yosamalira chinthu, ntchito yopanda malipiro komanso yopanda tchuthi. Amene akuifuna ntchitoyo agule, adzasangalala. Amene akufuna kuoneka bwana pamtengo wozizira ayambe waganiza kawiri, chifukwa galimotoyi idzam'dyera ndalama zimene anayamba kusunga, kenaka n'kukhala panjerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Nyenyezi ya matanthauzo awiri

Tiyambe ndi chimene chimatikoka. Ku Africa kuno Mercedes-Benz sinakhalepo galimoto wamba. Anzathu olankhula Chiswahili anachita kupeka mawu akuti wabenzi, ngati kuti ndi mtundu wa anthu paokha: andale, akuluakulu a boma ndi amalonda olemera. Kwathu kuno, mu 2000, boma litagulira nduna ma Benz 39, dziko la Britain limene linkatithandiza ndi ndalama linadandaula kwambiri, ndipo mapeto ake pulezidenti Bakili Muluzi analamula kuti magalimotowo agulitsidwe. Mu 2012, mayi Joyce Banda atangotenga utsogoleri, nkhani imene inamveka kunja konse inali yoti agulitsa ndege ya pulezidenti pamodzi ndi ma Benz 60 a boma. Maulendo awiri onsewa anthu sankakangana za injini kapena matayala. Ankakangana za tanthauzo la nyenyezi ija m'dziko losauka.

Nyenyezi yomweyo ili ndi nkhani inanso. Mu 1990, Nelson Mandela atatuluka m'ndende, ogwira ntchito pafakitale ya Mercedes-Benz ku East London, m'dziko la South Africa, anam'pangira S-Class yofiira, atagwira ntchito maola owonjezera osalipidwa. Pamenepo galimoto inayankhula zina. Inali mphatso yochokera m'manja mwa anthu wamba amene ankanyadira luso lawo.

Choncho Benz ingathe kunena kuti "tandionani ine", ingathenso kunena kuti "taonani zimene manja a anthu angapange". Wogula aliyense amasankha chimodzi mwa ziwirizi, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Wosankha choyamba amathera ndalama pa penti, magalasi akuda ndi zokuzira mawu. Wosankha chachiwiri amayambira pansi pa galimoto, pamene palibe amene amaonapo. Pakatha zaka ziwiri, amene amakhala akuyendabe ndi wachiwiriyu.

Chinazilimbitsa n'chiyani

Ndikanena Benz yakale ndikunena mitundu itatu imene okonda magalimoto amaitchula ndi manambala a kufakitale. W123 inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, ndipo zonse pamodzi zinakwana pafupifupi 2.7 miliyoni. W126, imene ndi S-Class ya mabwana, inapangidwa kuyambira 1979 mpaka 1991. W124 inayamba mu 1984 n'kufika chapakati pa zaka za m'ma 1990. Zina mwa izi zinkalumikizidwa ku East London komwe kuja, chiwongolero chili kumanja monga timayendetsera kuno.

Mbiri ya kulimba inamangidwa makamaka ndi zadizilo: 240D ya masilinda 4 ndi 300D ya masilinda 5. Mu injini zimenezi mulibe kompyuta. Pampu ya mafuta imayendetsedwa ndi injini yeniyeniyo, moti ikangolira sifunanso magetsi kuti ipitirize. Liwiro lokha ndiye ilibe. Mukamakwera zitunda za ku Chiweta ndi 240D, basi yodzaza anthu ingathe kukupitirirani inu mukuona. Koma inapangidwa kuti izifika, ndipo imafikadi.

Okonda Benz amakonda kutchula Gregorios Sachinidis, woyendetsa takisi wa ku Thessaloniki m'dziko la Greece, amene anayenda makilomita 4.6 miliyoni ndi 240D ya 1976, ya mtundu umene unatsogolera W123. Mu 2004 galimotoyo inapita kunyumba yosungiramo zakale ya kampaniyi ku Stuttgart. Chimene ambiri amachidumpha pofotokoza nkhaniyi n'choti bamboyo anali ndi mainjini atatu amene ankawasinthanitsa: ina ikakhala m'galimoto, ina ikukonzedwa. N'chimodzimodzi ku Morocco, kumene W123 inakhala takisi yonyamula anthu pakati pa mizinda kwa zaka zambiri. Zinatheka chifukwa kunali amakaniko oidziwa bwino, zipangizo zili pafupi, ndipo eni ake ankaikonza isanafe.

Chinsinsi chake n'chimenechi. Magalimotowa anapangidwa kuti azitsegulidwa, ndipo analimba kumene anthu ankawatseguladi. Mavalavu a injini zadizilo zija amafuna kuchunidwa ndi manja nthawi ndi nthawi. Oyilo ndi zosefera mafuta zimafuna kusinthidwa pa nthawi yake, ngakhale mwezi umene m'thumba mwauma. Tcheni cha mu injini chimatamuka ndi zaka, ndipo chikaduka chimaononga injini yonse. Benz yosamalidwa imakhalitsa kuposa mwini wake. Yosasamalidwa imafa ngati galimoto ina iliyonse, kungoti maliro ake ndi okwera mtengo.

Ngongole imene wina anasiya

Nanga n'chifukwa chiyani ikugulitsidwa motchipa chonchi? Nthawi zambiri yankho n'loti mukugula ngongole ya munthu wina. Ulendo uliwonse umene mwini wakale anati "tidzakonza mwezi wamawa", anali kukongola kwa galimotoyo, ndipo wobweza ndinu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zinthu zina zimakalamba ndi zaka, ngakhale galimoto ikhale yongoimikidwa m'galaja. Mphira yense wa zaka 40 wauma: mapaipi a madzi, mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, malaba a pansi amene amagwira matayala, malaba a m'mbali mwa magalasi. Chilichonse pachokha si chodula kwambiri, koma zimafa motsatizana, ndipo m'misewu yathu ya maenje za pansi zimafa msanga.

Chachiwiri, mtengo wa galimoto umatsika ndi zaka, koma mtengo wa zipangizo zake sutsika nawo. Pampu ya S-Class ndi pampu ya S-Class basi, ngakhale galimotoyo mwaigula pa mtengo wa njinga yamoto. Ubwino wake n'woti zipangizo zambiri za mitundu itatuyi zikupangidwabe, ndi kampani yeniyeniyo komanso makampani ena a ku Germany monga Bosch, Lemförder ndi Febi Bilstein. Vuto lathu n'loti zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene anauzidwa mtengo wa chipangizo mu October chaka chimenecho, pofika December anapeza nkhani ina. Malipiro a wongoyamba ntchito sathamanga liwiro limenelo. Ndiye munthu amathawira ku zipangizo zachinyengo zimene bokosi lake limaoneka bwino koma zimatha miyezi itatu, n'kulipiranso makaniko kachiwiri pa ntchito yomweyo.

Amene akuganiza zoitanitsa kunja, kudzera ku doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe kapena kuchokera ku South Africa kudzera ku Mwanza, adziwenso kuti msonkho wa ku MRA umakwera malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Benz yakale imalakwa mbali zonse ziwiri. Tisaiwalenso mafuta. Zapetulo za masilinda 6 kapena 8 zimamwa mosaumira, ndipo ife amene taona mizere ya pa malo omwetsera mafuta zaka zapitazi tikudziwa kuti vuto silikhala mtengo wokha, nthawi zina ndi kupezeka kwake.

Mukapita kukaiona

Ngati mtima ukadali pomwepo, pali zinthu zimene ndikuona kuti wogula sayenera kuzinyalanyaza. Choyamba ndi dzimbiri. Injini ingathe kukonzedwa kapena kusinthidwa, koma thupi lodyeka ndi dzimbiri limadya ndalama kosalekeza. Yang'anani pamene pamalowa jeke, pansi pa batire, pansi pa makapeti, m'makona a buti ndi kuzungulira galasi lakutsogolo. Tengani kamaginito. Pamene sikakugwira pa chitseko kapena pamwamba pa tayala, pamatidwa zomatira n'kupakidwa penti. Penti yonyezimira kwambiri pa galimoto ya zaka 40 izikupatsani mafunso m'malo mokusangalatsani.

Chachiwiri, pitani m'mawa ndipo muuze wogulitsa kuti asailize inu musanafike. Gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini yotopa imabisala ikatentha, koma m'mawa imaulula zonse. Utsi wobiriwira ukutanthauza kuti ikuwotcha oyilo. Utsi woyera wosatha ukhoza kutanthauza kuti madzi akulowa mosayenera. Wakuda ndi mafuta osapsa bwino. Manambala a makilomita musawakhulupirire kwambiri, chifukwa timagiya tapulasitiki timene timawayendetsa timathyoka, ndipo galimoto imatha kuyenda zaka nambala ili pamodzimodzi. Malisiti akale a ku galaja amanena zoona kuposa nambalayo.

Chachitatu, mtundu uliwonse uli ndi nthenda yake. Mu W123 maloko a zitseko amayendera mpweya wokokedwa m'timapaipi, ndipo pa zadizilo ngakhale kuzimitsa injini kumadalira mpweya womwewo. Kapaipi kamodzi kakang'ambika, mumatembenuza kiyi, n'kuizula, injini n'kumalirabe. N'chifukwa chake pa injini pali kachitsulo kolembedwa kuti STOP koti mukanikize ndi dzanja. Pa W124 za m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, pulasitiki yokutira mawaya a mu injini imafumbutuka ndi kutentha, mawaya n'kumagundana, ndipo mankhwala ake ndi kusintha mtolo wonse. Pa zapetulo pali nkhani yathuyathu: kuyambira 1982 petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa. Ethanol sagwirizana ndi mapaipi akale a mphira. Paipi ya mafuta yodontha pamwamba pa injini yotentha ndi moto umene ukudikira tsiku lake, choncho mapaipi amenewa ndi oyamba kusintha.

Chachinayi ndi mapepala. Nambala ya injini ndi ya chesisi zifanane ndi zimene zili mu blue book, dzina la wogulitsa likhale lomwe lili m'bukumo, ndipo kusintha umwini kuchitike ku Road Traffic tsiku la malonda lisanazizire. Galimoto ya zaka zambiri imakhala itadutsa m'manja ambiri, ndipo ena mwa manjawo sanasiye siginecha. Onjezerani COF ndi inshuwalansi pa bajeti yanu musanayambe kulota za ulendo wa ku nyanja.

Theka la galimoto ndi makaniko

Pa zonse zimene ndanenazi, chachikulu n'choti musagule Benz yakale musanapeze munthu woikonza. Muyambe ndi makaniko, galimoto ibwere pambuyo, ndipo pokaiona mupite naye. Safunsa anadya phula.

M'magalaja a ku Biwi, ku Ndirande ndi ku Limbe mukadali madala amene anakulira pa magalimoto amenewa. Amamva ndi khutu kuti valavu yamasuka. Amadziwa kuti chipangizo cha mtundu uwu chimalowanso pa mtundu uwo, ndipo amadziwa amene ali ndi Benz yakufa imene mungachotsemo chitseko. Koma madala amenewa akukalamba, ndipo achinyamata amene akuphunzira umakaniko lero akuphunzira kwambiri kulumikiza kompyuta ndi kuwerenga zimene yanena, poti ndi kumene kuli makasitomala. Palibe wowadzudzula. Kungoti luso la manja likapanda wolilipira limafa mwakachetechete.

Apa ife a digiri tili ndi khalidwe limene limandinyansa. Timalowa m'galaja ngati tabwera kudzalamula, kumuitana bambo wa msinkhu wa makolo athu kuti "iwe", kukangana naye pa ndalama ya ntchito yake pamene pa penti sitinakangane. Timaganiza kuti nzeru ndi zimene zimalembedwa pamayeso basi. Munthu amene angathe kumasula giyabokosi ya 1983, n'kuipanganso popanda buku, ali ndi maphunziro amene ambiri a ife sitidzawafika. Benz yakale imakukakamiza kudzichepetsa pamaso pa munthu wotere, kumutchula kuti "inu", kukhala pansi n'kumvetsera. Mwa zonse zimene galimotoyi ingapatse wachinyamata wophunzira, ichi ndimachiona chamtengo wapatali.

Zimene otsutsa akunena

Alipo amene anganene kuti nkhani yonseyi ndi maloto a anthu osadziwa mavuto, ndipo mfundo zawo n'zolemera. Malipiro oyamba a womaliza maphunziro ku Malawi si ake yekha. Pali fizi ya mng'ono wake, feteleza wa mayi kumudzi, lendi, ndi ngongole ya sukulu imene ikudikira kubwezedwa. Ndalama imene yapita ku pampu ya Benz ndi thumba la feteleza limene silinagulidwe. Pamenepa sinditsutsa. Munthu wa malipiro amodzi, amene abale akumuyang'ana, amene akufuna galimoto yoti izimufikitsa kuntchito tsiku lililonse mosalephera, agule kagalimoto kakang'ono kosamwa mafuta kamene zipangizo zake zili pa msika uliwonse. Palibe chamanyazi pamenepo.

Pali nkhani ya chitetezo. N'zoona kuti Mercedes-Benz inatsogola pa zambiri: thupi lopangidwa kuti lizipindika kutsogolo ndi kumbuyo pangozi pofuna kuteteza okwera, mabuleki a ABS amene anayamba pa S-Class mu 1978, ndi airbag kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Koma pa mitundu yakaleyi zinthu ziwiri zomalizazi nthawi zambiri zinali zochita kuwonjezera ndalama, ndipo zambiri zimene mungapeze zilibe. Kulemera kwa chitsulo kusakupusitseni kuti ndinu otetezeka kuposa wa m'galimoto yatsopano. Palinso utsi. Dizilo yakale yosachunidwa bwino imatsanulira utsi wakuda pankhope za amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi anyamata a kabaza. Ena amayankha kuti kupanga galimoto yatsopano nakonso kumaononga chilengedwe, ndipo n'zoona, koma yankho limeneli ndi la munthu amene injini yake yasamalidwa. Wofuka utsi alibe ufulu wolibwereka.

Nanga n'chifukwa chiyani sindikungonena kuti tiiwale za magalimotowa? Chifukwa ndikuona kuti dziko lathu likudwala nthenda imene Benz yakale imaiulula bwino. Timakonda kutsegulira zinthu kuposa kuzisamalira. Mjigo umakumbidwa, nyimbo n'kuimbidwa, koma kalaba kakang'ono kakatha mudzi umabwerera kudambo. Maambulansi amaima panjerwa chifukwa cha chipangizo chimodzi. Nyumba zogona ophunzira zimadontha mpaka denga kugwa, kenaka tiyamba kufunafuna wotimangira zatsopano. Pa mwambo wodula riboni pamabwera makamera, pa kusintha oyilo sipabwera munthu. Ife amene tikumaliza maphunziro ndife amene mawa tidzakhale m'maofesi osankha ngati ndalama ipite kokonza chakale kapena kogula chatsopano choti tijambulitse. Wachinyamata amene waphunzira kusunga kabuku ka tsiku limene anasintha oyilo, kuika padera ndalama ya chinthu chimene sichinafe, ndi kulemekeza wokonza, waphunzira phunziro limene silili pa ndandanda ya maphunziro athu. Sindikunena kuti phunziroli limafuna Benz. Njinga ya kapalasa ingaphunzitse zomwezo. Koma ngati wina wasankha kuliphunzira pa W123, ine sindingamuseke.

Maganizo anga ndi awa. Gulani Benz yakale ngati zinthu zitatu zakwanira: mwapeza kale makaniko woidziwa, muli ndi njira ina yofikira kuntchito tsiku limene yakana kulira, ndipo mutalipira wogulitsa mwatsala ndi ndalama ina yofanana ndi imene mwalipirayo, yoti mukonzere zimene iye anazisiya. Chimodzi chikasowa, dikirani. Magalimotowa adikira zaka 40, sangalephere kudikira zina zisanu. Ndipo ngati mutadzifunsa moona mtima mwapeza kuti chimene mukufuna ndi nyenyezi yokha, pitani kwa ogulitsa zipangizo zakale mukagule nyenyeziyo, muipachike kuchipinda. Sidzakupemphani oyilo, ndipo feteleza wa mayi adzagulidwa pa nthawi yake.